Njala ya Kamtsikana ka Jasi Yachikasu

Chipinda chimodzi cha kumayambiriro kwa Little Nightmares chikukwanira kuonetsa mmene opanga gemuyi amaganizira. Kamtsikana kovala jasi yamvula yachikasu, kosavala nsapato, kalowa m'chipinda chamdima. Kudenga kukulendewera miyendo iwiri ya munthu wamkulu, nkhope yake osaoneka. Pansi pa miyendoyo pali mpando. Chogwirira cha chitseko chili patali, kamwanako sikangachifikire ngakhale katadumpha chotani. Wosewera amayang'ana uku ndi uku, kenako mtima umati phwii atazindikira chimene akuyenera kuchita: akoke mpando wa munthu wodzimangirirayo, akwerepo, atsegule chitseko. Palibe mawu olembedwa omuuza zimenezi, palibenso chilombo chotumphuka mumdima. Ntchito yonyansayo waigwira yekha ndi zala zake, ndipo pamene akukoka mpando, kamwanako kakudzikoka movutikira, kolemedwa, komvetsa chisoni komanso kokongola.

Gemuyi inatuluka mu Epulo 2017. Anaipanga ndi a Tarsier Studios a mumzinda wa Malmö ku Sweden, ndipo inafalitsidwa ndi kampani ya Bandai Namco. Poyamba ankaitchula kuti Hunger. Anthu omwewa anali atagwirapo ntchito pa LittleBigPlanet ndi Tearaway Unfolded, magemu a ana odzaza ndi tizidole tansalu ndi tamapepala. Luso lopanga kanthu kakang'ono koti munthu akakonde analiphunzira kumeneko, ndipo atafika pa Little Nightmares sanalitaye. Analinola kuti libaye.

Osewera ambiri akamafotokoza gemuyi amati ndi yokongola koma yoopsa, ngati kuti zinthu ziwirizi zinangokumanamo mwangozi. Ine ndikuona kuti kukongola kwa kamwanako ndiye gwero la mantha onse. Mutachotsa Six, pakuti ndilo dzina lake, n'kuikapo msilikali wonyamula mfuti, zilombo zomwezo zingasanduke zoseketsa.

Taonani nkhani ya msinkhu. Six ali m'chombo chachikulu chachitsulo chotchedwa Maw, chomwe mbali yake yaikulu ili pansi pa nyanja, ndipo chilichonse m'menemo anachipangira anthu aakulu kuposa iye kangapo. Amadzuka ali m'sutikesi. Madirowa a kabati ndiwo makwerero ake. Kiyi amamunyamula ndi manja awiri, atamukumbatira pachifuwa, n'kumayenda mozemba pansi pa tebulo. Kuti akanikize batani la chikepe amachita kuligenda ndi chinthu. Amene anakwerapo pamtondo ali mwana kuti afikire shuga wobisidwa pamwamba pa kabati akudziwa mmene nyumba ya akuluakulu imaonekera kwa munthu wamfupi, ndipo gemuyi imam'bwezera kumeneko. Wosewera amaonera zonse cham'mbali, ngati nyumba ya zidole imene aichotsa khoma limodzi, ndipo chithunzi chonse chimapendekera pang'onopang'ono uku ndi uku chifukwa chombocho chikuyandama. Zitini zimagubuduzika pansi, nyama zopachikidwa zimagwedera. Ena amaseweratu kwa nthawi ndithu asanazindikire chifukwa chake m'mimba mwawo simukukhazikika.

Chimene ndimachigomera kwambiri ndi batani logwirira. M'magemu ambiri munthu akadumpha n'kufika pakhoma, amagwira yekha. Muno ayi. Six amagwira pokhapokha wosewera atakanikiza batani, ndipo akangolisiya, iyenso amasiya n'kugwa. Pokwera unyolo wautali, chala chako chimatopa pamodzi ndi timanja take. Pothawa ndi kiyi, mantha akakugwira n'kufooketsa chala, kiyiyo amagwa pansi n'kulira ngwee, mwini khitchini n'kutembenuka. Batani lomwelo ndi limene Six amakumbatirira tizolengedwa totchedwa Nome, timene tili ndi mitu yosongoka yotuwa ndipo timathawa tikaona munthu. Ukakapanikiza kamodzi pakona, Six amakanyamula, kukakumbatira, n'kukatsitsa, ndipo kamayamba kumutsatira pang'ono. Zimenezi sizitsegula chitseko chilichonse. Koma osewera amafunafuna tima Nome tonse m'mabowo ndi kuseri kwa makabati, ndipo ambiri amanena poyera kuti nthawi zokumbatira zimenezi ndi zokhazo zimene anapumako. Musaiwale zimenezi, chifukwa opanga gemuyi sanaiwale.

Zilombo zake n'zochepa, ndipo chilichonse chili ndi lamulo lake loti uliphunzire ndi makutu ndi maso. Woyamba ndi wosamalira malo, Janitor, wamiyendo yaifupi ndi mikono yaitali koopsa, amene khungu la pamutu linatsika n'kuphimba maso. Saona, koma amamva. Ndiye m'chigawo chake pansi pomwe pamasanduka msampha: ukaponda pakapeti palibe phokoso, ukaponda pathabwa limalira. Wosewera amayamba kuyang'ana pansi ndi chidwi chimene sanakhalepo nacho. Amaponya kachidole ka nyani woomba zitsulo kuti mikono ija ipite kwina, kapena kuyatsa TV kuti mwini wake akopeke. Ndipo mikonoyo ikamapapasa pansi pa bedi, zala zikudutsa pafupi ndi kajasi kachikasu, munthu wamkulu ndithu amagwira mpweya pampando pake.

Ophika awiri amapasa ndi osiyana naye. Amaona bwino, amapuma mwabefu ndi kutsokomola, ndipo nthawi zina mmodzi amalowetsa dzanja pansi pa khungu la nkhope n'kumakanda, zomwe zimasonyeza kuti nkhopeyo ndi yovala. Palibe amene amafotokoza chimene chili kunsi kwake. M'khitchini mwawo muli ntchito ina imene imaseketsa ndi kunyansa pa nthawi imodzi: Six amakoka zidutswa za nyama, kuziponya m'chigayo, kupukusa, n'kupanga soseji yaitali yoti alendewere nayo kuti awoloke. Wosewera waona kale ana akukulungidwa m'nsalu n'kupachikidwa pa ngowe zopita kukhitchini komweko. Gemuyi siinena kuti nyamayo ndi ya chiyani, imangokusiya upukuse.

Palinso chipinda chodzaza nsapato mpaka m'khosi mwa Six, momwe chinthu chosaoneka chimamuthamangitsa chili pansi pa mulu, iye n'kumathawira pamwamba pa masutikesi. Osewera ambiri ataona zimenezi anakumbukira milu ya nsapato yosungidwa ku Auschwitz. Ena ataona alendo onenepa akukwera m'chombo m'mizere, n'kumadya mosusuka mpaka kukwawa pansi pothamangitsa Six, anakumbukira filimu ya Hayao Miyazaki ya mu 2001, Spirited Away, momwe makolo a mtsikana amasanduka nkhumba chifukwa cha dyera. Gemu yopanda mawu ngakhale amodzi imapatsa anthu mpata wobweretsa zimene akudziwa kale, ndipo n'chifukwa chake mikangano ya tanthauzo lake siinathe mpaka lero.

Apa ndichenjeze amene sanasewere kuti ndikuulula mathero.

Kasanu konse m'gemuyi, Six amagwidwa ndi njala. Amagwira pamimba, kuwerama, kuyenda mokhwekhwereza, m'mimba mukulira, ndipo wosewera sangathe kumuthamangitsa ngakhale akanikize batani mwamphamvu. Koyamba, mwana wina amene ali kuseri kwa zitsulo amamuponyera buledi. Kachiwiri amadya nyama yoikidwa m'khola lachitsulo, womwe ndi msampha wa Janitor. Kachitatu amapeza khoswe wamoyo atakodwa, n'kumudya. Apa wosewera amanyansidwa, komabe amamukhululukira: ndi mwana, ali ndi njala, akanatani? Kachinayi, ka Nome kamatulukira katanyamula soseji, n'kumupatsa. Six amayandikira, soseji n'kuisiya, n'kudya ka Nome kaja.

Masitepe amenewa anawayala mwaluso kwambiri. Sitepe iliyonse ndi yaifupi moti munthu amakwera osadandaula, ndipo akafika pamwamba amapeza kuti wakhala akuteteza ndi kudyetsa chinthu chimene sakuchidziwa. Chopweteka n'chakuti manja amene agwira ka Nome kaja kuti akadye ndi omwe aja wosewera anawaphunzitsa kukumbatira. Kachisanu Six amaluma pakhosi pa mayi wolamulira chombocho, Lady, wovala kimono ndi chigoba choyera, amene anaswa magalasi a m'nyumba mwake ndipo amagonja akaonetsedwa galasi limodzi lotsala. Kenako kamtsikana kaja kamayenda pang'onopang'ono pakati pa alendo, iwo n'kumagwa okha uku ndi uku, mpaka kukwera masitepe opita kudzuwa.

Pamenepa osewera anagawikana, ndipo kugawikana kwawoko ndi umboni wabwino wa luso la gemuyi kuposa mphoto iliyonse. Ena amati Six ndi woipa kuyambira pachiyambi, ndipo amaloza zoti podutsa ana ena otsekeredwa m'makola sawathandiza, amangokoka khola kuti akwerepo. Ena amati ndi mwana amene dziko lodya ana lamuphunzitsa kudya kapena kudyedwa, ndipo amaloza chithunzithunzi chakuda chofanana naye chimene chimaima chapatali pamene iye akudya. Mbali zonse ziwiri zili ndi umboni, chifukwa opanga gemuyi anaika umboniwo dala n'kukana kugamula. Nkhope ya Six imabisika m'chipewa cha jasi, timangoona kachibwano ndi tsitsi. Munthu sangawerenge pankhope pake ngati akumva chisoni kapena ayi, ndiye amaikapo yekha zimene akufuna kuona.

A Tarsier sanalekere pomwepo. M'zigawo zitatu zoonjezera zotchedwa Secrets of the Maw, zomwe zinatuluka pakati pa 2017 ndi 2018, wosewera amayendetsa kamnyamata kothawa m'chombo chomwecho. Tima Nome timakathandiza kunyamula malasha, ndipo tikakhala pafupi ndi ng'anjo, zithunzithunzi zake pakhoma zimakhala za ana. Pamapeto Lady amasandutsa kamnyamatako kukhala Nome, ndipo kamakafika m'chipinda mmene muli soseji pansi. Anthu amene anali atayamba kuiwala chilonda chija anachitsegulidwanso. Mu Little Nightmares II ya mu 2021, wosewera ndi mnyamata Mono, wovala chijumbo chapepala kumutu, ndipo Six ndi mnzake wa paulendo. Batani logwirira lija tsopano limagwira dzanja la Six. Kangapo Mono amadumpha phompho, Six n'kumuwakha. Wosewera amazolowera, amadalira. Pa kudumpha komaliza Six amamugwira, kumuyang'ana, n'kumusiya. Chifukwa chimene anachitira zimenezi anthu akukanganabe.

Madandaulo alipo, ndipo lina ndi loona. Popeza wosewera amaonera cham'mbali pomwe Six amatha kuyenda kupita mkati ndi kubwera kutsogolo, n'kovuta kudziwa pamene waima. Poyenda pa paipi yopapatiza kapena podumphira chingwe, anthu amagwa popanda kulakwa kwenikweni, ndipo pamakina ena gemuyi itangotuluka pankatenga nthawi kuti iyambirenso. Kufa kachisanu pamalo amodzi kumachotsa mantha n'kubweretsa mkwiyo, ndipo wophika uja amasanduka chopinga wamba. Apa osewera akunena zoona, ngakhale kuti kaonedwe komweko ndi kamene kamachititsa kuti uone Six ndi chilombo pa chithunzi chimodzi, iye ali pansi pa shelefu, icho chikudula nyama pamwamba pake. Zabwinozo ndi zovutazo zimachokera pa chisankho chimodzi.

Dandaulo lakuti gemuyi ndi yaifupi sindigwirizana nalo. N'zoona kuti zigawo zake zisanu munthu amazimaliza m'maola atatu kapena anayi, ndipo pali mphoto ya amene angamalize pasanathe ola limodzi osafa. Koma chilombo chilichonse chimachoka wosewera asanachizolowere. Janitor akanakhala maola asanu, tikanaloweza njira zake n'kuyamba kumuseka. Njala ikanabwera kakhumi, khoswe uja sakanatidzidzimutsa. Amene akufuna maola 40 akupempha kuti gemuyi isukuluke.

Za phokoso ndinene mwachidule. Tobias Lilja, amene anapeka nyimbo zake, amasiya malo ambiri opanda nyimbo, kuti umve kulira kwa zitsulo za chombo, madontho a madzi, timapazi ta Six pamatabwa, ndi kung'ung'udza kwa Lady akupesa tsitsi. Laita imene Six amayenda nayo imawalitsa malo ochepa kwambiri, ongokwanira kuti uone misundu ikugwa kudenga.

Gemu yachitatu ya Little Nightmares inapangidwa ndi kampani ina, Supermassive Games, ndipo inatuluka mu 2025. Koma amene akufuna kuona luso limene ndafotokozali ayambe ndi yoyamba ija, yomwe kuyambira mu 2023 imapezekanso pa mafoni a Android ndi iPhone. Ngakhale Six akuoneka ngati kachidole, iyi si gemu yopatsa mwana wamng'ono kuti atonthole. Isewereni nokha usiku, mutavala mahedifoni, ndipo tima Nome mukatipeza muzitikumbatira ndithu.