Nkhondo yauzimu pa bizinesi: kodi mdaniyo ali kuti?

Mwezi uno ndati ndilembeko za mabuku awiri amene akhala akuyenda m'manja mwa ife amene tili ndi timabizinesi kunja kuno, komanso za chiphunzitso chimene mabukuwa anathandiza kufalitsa, chija timati nkhondo yauzimu. Ndisanapite patali ndinene poyera kuti ndine Mkhristu, ndimapemphera, ndipo sindikayika kuti Satana alipo. Ndikulemba ngati munthu amene anapsa nazo.

Buku loyamba ndi This Present Darkness, nthano yopeka imene Frank Peretti wa ku America anatulutsa mu 1986. Imakamba za katauni kotchedwa Ashton, kumene mbusa wina ndi mkonzi wa nyuzipepala akulimbana ndi anthu ofuna kulanda tauniyo, pamene m'mwambamo angelo ndi ziwanda akumenyana ndi malupanga, ndipo angelowo amapeza mphamvu Akhristu akamapemphera. Ngakhale ndi nthano, ambiri anaiwerenga ngati buku la malangizo. M'zaka za m'ma 1990, C. Peter Wagner, amene ankaphunzitsa ku Fuller Theological Seminary ku California ndipo anamwalira mu 2016, anafalitsa kwambiri ganizo loti pali mizimu yoipa yolamulira mizinda ndi madera, imene iyenera kumangidwa ndi pemphero.

Buku lachiwiri ndi Anointed for Business la Ed Silvoso, mlaliki wobadwira ku Argentina, limene linatuluka mu 2002. Ili ndilo linalowetsa nkhaniyi m'sitolo ndi mu ofesi. Silvoso akuti Mkhristu wochita malonda si wotsika kwa mbusa, pakuti Yesu anali kalipentala, Petulo anali msodzi, Mateyu anali wokhometsa msonkho, ndipo malo a malonda ndi pamene ntchito ya Mulungu iyenera kuonekera. Apa ndimuyamikire ndithu. Ambiri mwa ife kumudzi tinali aphunzitsi kapena makalaliki, kuno tikukolopa maofesi ndi kusamalira nkhalamba, ndipo timachita manyazi kunena ntchito yathu. Kumva kuti Lidiya ankagulitsa nsalu, kuti Paulo ankasoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Prisila, ndiponso kuti mopu wako ukhoza kukhala utumiki, kumadzutsa munthu. Ine kunandidzutsa, mpaka ndinatsegula kampani yanga yokolopa m'maofesi mu mzinda wina wa kumpoto kwa England.

Koma mverani zimene zinandichitikira. Mu 2019 ndinali ndi antchito asanu ndi mmodzi. Mwezi umodzi wokha makontirakiti awiri akuluakulu anatha, vani inafa injini, kenako kunabwera kalata ya msonkho imene ndinaibisa m'dirowa osaitsegula. Pa msonkhano wina wa mapemphero a usiku, mlaliki wina wodzacheza anandigwira pamutu n'kundiuza kuti kwathu kuli mayi wachikulire amene wamanga chuma changa. Sanatchule dzina, koma mtima wanga unathamangira kwa azakhali anga, omwe anandilera mayi anga atamwalira. Ndinasiya kuwatumizira ndalama. Akaimba foni ndinkangoiyang'ana mpaka idule. Miyezi isanu ndi itatu ndinakhala chomwecho, ndikusala kudya, kudzoza mafuta pa vani yakufa ija, ndi kupereka ndalama zimene ankati ndi mbewu, koma ngongole zikungokula.

Amene anandipulumutsa ndi mayi akunyumba, amene anaumirira kuti tipite ndi mapepala onse kwa mayi wina wa mumpingo mwathu amene ndi akauntanti. Tinanyamula malisiti m'majumbo awiri. Mayiyo anayamba ndi pemphero, kenako anatsegula kompyuta. Madzulo awiri okha anapeza zonse. Ndalama za kampani ndi za pakhomo zinali mu akaunti imodzi, moti sindinkadziwa n'komwe ngati ndikupindula. Malonda anga anali atadutsa £85,000 pa chaka, amene panthawiyo anali malire oti munthu alembetse VAT, ine osalembetsa. Vani inali isanapite ku sevisi kwa nthawi yaitali. Choipa koposa, ndinkalipira antchito mochedwa, nthawi zina ndi masabata awiri, mpaka awiri odziwa ntchito kwambiri anachoka, ntchito inayamba kutsika, eni maofesi n'kudandaula, makontirakiti n'kutha. M'mapepala onsewo dzina la azakhali anga munalibe. Dzina limene linali pa tsamba lililonse linali langa.

Apa ndiye pali dandaulo langa ndi mabukuwa. Kunena chilungamo, Peretti kapena Silvoso sanalembe kuti munthu aganizire azakhali ake ufiti. Koma mabuku otere amakuzoloweza kufunafuna mdani kunja kwa iwe mwini, ndipo maumboni amene amakonda kufotokoza ndi a anthu amene anapemphera zinthu n'kuyenda. Za Mkhristu wokhulupirika amene anapemphera koma sitolo n'kutsekabe sitimva kwenikweni. Tsono munthu ukawerenga, umafika poganiza kuti phindu ndi chizindikiro choti Mulungu ali nawe, ndipo kuluza ndi chizindikiro choti wina wakulowerera. Kwa owerenga a ku America chiwandacho chilibe mudzi. Chiphunzitsochi chikafika kwa ife, amene tinakula ndi mantha a ufiti, chiwandacho chimapatsidwa nkhope, ndipo kawirikawiri imakhala nkhope ya mayi wokalamba, wamasiye, wosauka, amene sangathe kudziteteza.

Izi si zoseweretsa. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu okalamba anayi anaphedwa atanamiziridwa kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Lamulo la Malawi la 1911 lokhudza ufiti linaika kunena munthu kuti ndi mfiti kukhala mlandu, koma mawu onenedwa pa foni kuchokera ku Leeds kapena ku Johannesburg amafika pamudzi ali ndi mphamvu, pakuti wonenayo ndi amene amatumiza ndalama za feteleza ndi za sukulu fizi. Ife tikamaliza kulankhula timapita ku ntchito, gogo uja n'kutsala ndi anthu amene amva.

Nditabwerera ku Baibulo langa ndinadabwa kuti ndime zimene timakonda kugwiritsa ntchito zikunena zosiyana ndi zimene ndinkachita. Aefeso mutu 6, pamene pagona chiphunzitso chonsechi, akunena momveka kuti olimbana nawo si anthu. Ndiye kuti azakhali anga ndime yomweyo inawachotsamo kale. Ndipo pa zida zimene Paulo akutchula, choyamba ndi choonadi, chachiwiri ndi chilungamo. Kodi munthu wobisa kalata ya msonkho m'dirowa wavala choonadi? Kodi wolipira antchito mochedwa wavala chilungamo? Yakobo 5:4 akuchenjeza olemba ntchito kuti malipiro amene amana antchito awo akufuula, ndipo kulira kwa antchitowo kumafika m'makutu mwa Ambuye. Miyambo 11:1 ikudzudzula sikelo yachinyengo. Pa Luka 14:28 Yesu akukamba za munthu wofuna kumanga, amene amayamba wakhala pansi n'kuwerengera ndalama.

Onaninso Machitidwe 16. Ku Filipi kunali mtsikana kapolo amene mzimu woipa unkamuchititsa zamaula, ndipo ambuye ake ankapeza naye ndalama zambiri. Paulo atautulutsa mzimuwo, bizinesi yawo inagwa. Pa mutu 19, ku Efeso, Demetriyo wosula siliva anayambitsa chipolowe chifukwa uthenga wabwino unkawononga malonda a timafano ta Artemi, ndipo mu mzinda womwewo anthu otembenuka mtima anatentha mabuku awo amatsenga a mtengo wa ndalama zasiliva 50,000. M'nkhani zonsezi phindu linali kumbali ya mdima, ndipo kubwera kwa Mulungu kunabweretsa kuluza. Ndiye tinganene bwanji kuti akaunti yodzaza ndi umboni wa madalitso, yopanda kanthu ndi umboni wa ufiti?

Sindikunena kuti tileke kupemphera pa mabizinesi athu. Nkhondo ilipo, ndipo ine ndimaimenya tsiku ndi tsiku. Imabwera pamene kasitomala akuti ndikupatsa kashi, tisalembe. Imabwera pamene mwana wakwathu wafika kumene, sadziwa malamulo a kuno, ndipo mtima ukukuuza kuti umulipire zochepera zimene boma linakhazikitsa poti sakadandaula kulikonse. Imabweranso pamene mnzako wa bizinesi yofanana ndi yako zikumuyendera, iwe n'kuyamba kufalitsa zoti ali ndi zizimba. Pamenepo ndi pamene pafunika pemphero, ndi kusala kudya komwe, chifukwa mdyerekezi amalowera pakhomo limene talisiya tokha lotsegula.

Buku la Silvoso werengani, likulimbitsani mtima kuti ntchito yanu ndi yolemekezeka pamaso pa Mulungu. La Peretti werengani ngati nthano, pakuti ndi nthano. Koma wina akadzakuuzani kuti wachibale wanu wamanga bizinesi yanu, musanadule foni ya kumudzi, tengani majumbo anu a malisiti mupite nawo kwa munthu wodziwa kuwerengera. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Kampani yanga ilipobe, yaing'ono kuposa kale. Ngongole ya msonkho ndinaibweza pang'onopang'ono, ndipo antchito amalandira tsiku lake ngakhale ine nditsale wopanda kanthu. Chovuta koposa chinali kuimbira azakhali. Ndinakonza mawu ambiri opepesa, koma atangomva mawu anga anati, "Mwana wanga, bola uli moyo. Ine ndimayesa ukudwala, ndimakupempherera tsiku lililonse." Mpaka lero sindinawauze chimene ndinkawaganizira, ndipo chimandilemerabe mumtima.