Ndani anapha Asmodean? Za luso loganizira ndi malire ake

M'chaka cha 1993 mlembi wa ku America, Robert Jordan, anatulutsa buku lachisanu la nthano yake yaitali yotchedwa The Wheel of Time. Chakumapeto kwa bukulo, lomwe mutu wake ndi The Fires of Heaven, munthu wina dzina lake Asmodean akuyendayenda m'nyumba yachifumu mumzinda wa Caemlyn nkhondo itangotha kumene. Atsegula chitseko, aona nkhope imene akuidziwa, adzidzimuka, ndipo afera pomwepo. Mlembi sanatchule dzina la wakuphayo. Mtembo sunapezeke, moti ena a m'nthanomo anangoti wathawa. Kwa zaka 17 owerenga a m'mayiko ambiri anakhala akukangana pa funso limodzi: ndani anapha Asmodean?

Asmodean sanakhalepo, ndipo mzinda wa Caemlyn kulibe pa dziko lino. Komabe mkanganowu ndi woyenera kuulingalira, chifukwa umaonetsa poyera mmene munthu amatolera zizindikiro, n'kuziluka, mpaka chimene chinayamba ngati "mwina" chisanduke "ndithu". Khalidwe limeneli silithera m'mabuku a nthano. Timalowa nalo ngakhale pa nkhani za chipembedzo, kumene kulakwa kwake kumawononga zambiri.

Robert Jordan linali dzina lolembera la James Oliver Rigney Jr., wa ku Charleston m'chigawo cha South Carolina, amene anamenyako nkhondo ya ku Vietnam. Buku loyamba, The Eye of the World, linatuluka mu 1990. Nthanoyi ndi ya Rand al'Thor, mnyamata woweta nkhosa amene auzidwa kuti ndiye wolonjezedwa wodzalimbana ndi Mdima pa nkhondo yomaliza. Asmodean anali mmodzi wa atumiki akuluakulu 13 a Mdimawo, koma anagwidwa n'kukakamizidwa kuphunzitsa Rand. Jordan anamwalira mu 2007 atafika pa buku la 11. Mkazi wake Harriet McDougal, amene analinso mkonzi wa mabukuwo, anasankha Brandon Sanderson kuti amalize ntchitoyo potsata zimene malemuyo anasiya. Mabuku atatu otsiriza anatuluka mu 2009, 2010 ndi 2013, ndipo onse pamodzi anakwana 14. Ambiri mwa achinyamata amene akuidziwa nthanoyi lero anaidziwira pa kanema amene kampani ya Amazon inayamba kuonetsa mu 2021.

Tiyambe ndi kuyamikira, pakuti owerenga aja anagwira ntchito yaluso. Anafunsa mafunso amene woweruza wabwino amafunsa. Ndani amene Asmodean akanamuzindikira pongomuona? Ndani anali ndi mphamvu yopha mwachangu chotero n'kufafaniza mtembo? Aliyense wa oganiziridwawo anali kuti tsiku limenelo? Ndani akanapindula? Ena anatchula Lanfear, koma anzawo anawakumbutsa kuti iye anali atagwera kale m'khomo lopita ku dziko lina pamodzi ndi Moiraine imfayo isanachitike. Ena analoza Sammael, ena Padan Fain, ena Mazrim Taim. Ambiri anakhazikika pa mkazi wochenjera wotchedwa Graendal, poona kuti m'buku lotsatira iye ankalankhula za imfa ya Asmodean motsimikiza kuposa anzake. Analipo ngakhale anthabwala amene ankati wakupha ndi Bela, kavalo wofatsa wa kwawo kwa Rand.

Kuti munthu achite nawo mkangano wotere anayenera kuwerenga masamba zikwizikwi mobwerezabwereza, kukumbukira amene ananena mawu ndi amene anawamva, ndi kusiyanitsa zimene mlembi wanena ndi zimene munthu wa m'nthano akungoganiza. Mphunzitsi aliyense angakondwe kukhala ndi ophunzira owerenga motero. Anafikanso posonkhanitsa mayankho amene Jordan ankapereka pamisonkhano yosainira mabuku, ndipo munthu akati "mlembi ananena zakuti", anzake ankamufunsa kuti ananena liti, kuti, ndipo anamva ndani. Wophunzira Hadith aliyense aona apa chithunzithunzi cha isnad, mndandanda wa anthu amene nkhani yadutsamo. Jordan mwiniwake kawirikawiri ankangowauza kuti apitirize kuwerenga, adzadziwa okha, monga akunenera akuluakulu kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa za Asmodean ankaumirira kuti zizindikiro zokwanira zinali kale m'mabukumo.

Yankho linabwera mu 2010 m'buku la 13, Towers of Midnight, ndipo linatsimikizidwa m'kandandanda ka mayina kumapeto kwa bukulo: anali Graendal. Ambiri anaona kuti yankholi lafika mozizira poyerekeza ndi zaka zimene anadikira, koma amene analoza Graendal anasangalala kuti anapambana.

Nkhaniyo ikanathera pamenepo, phunziro likanakhala lapafupi, lakuti wowerenga mosamala amapeza choonadi. Koma panali chiganizo china chimene chinkayenda limodzi ndi cha Asmodean. M'buku lachisanu ndi chimodzi, Lord of Chaos, la mu 1994, Mazrim Taim abwera kudzadzipereka kwa Rand. Owerenga ambiri anaona kuti maonekedwe ake, kunyada kwake ndi kalankhulidwe kake zikufanana ndi za Demandred, mtumiki wina wa Mdima, ndipo anati awiriwa ndi munthu mmodzi wodzibisa. Jordan anakana, ndipo mabuku otsatira anawalekanitsa. M'buku lomaliza, A Memory of Light, Demandred atulukira kuchokera ku dziko lakutali la Shara, pamene Taim ali munthu payekha. Amene anagwiritsa chiganizochi anaoneka ngati olakwa.

Pambuyo pake zolemba za Jordan zinasungidwa ku College of Charleston, ndipo ofufuza ataziwerenga anapeza kuti pa nthawi ina mlembiyo anakonzadi zoti Taim akhale Demandred, ndiponso kuti Demandred yemweyo akhale wopha Asmodean. Michael Livingston anafotokoza za kusintha kumeneku m'buku lake la mu 2022, Origins of The Wheel of Time. Choncho amene anauzidwa kuti alakwa anali atawerenga bwino zizindikiro za nthawi yawo, ndipo amene anapambana anapambana pa yankho limene mlembi anafikapo atasintha maganizo.

Apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yonse. Woganizira amayamba ndi chikhulupiriro chakuti yankho lilipo kale, lakhazikika, likungodikira wochenjera kuti alivundukule. Koma mlembi wa nthano ndi munthu. Amasintha maganizo, amaiwala, amadwala, amamwalira ntchito ili pakati, ndipo wina amadzamalizitsa. Zizindikiro zikhoza kugwirizana bwinobwino, umboni wa anamva ndani ukhoza kukhala wolondola, koma chiganizo n'kukhalabe chiganizo. Maulama athu anasiyanitsa kalekale pakati pa dhann, kuganizira kumene kungakhale kwamphamvu kapena kofooka, ndi yaqin, kudziwa kotsimikizika. Mkangano wa Asmodean ndi chitsanzo chabwino chophunzitsira kusiyana kumeneku, chifukwa palibe amene anavulala nawo.

Qur'an yolemekezeka inatipatsa kale chitsanzo cha anthu oganizira pa nkhani imene sanaione. Mu Surat Al-Kahf, imene ambiri a ife timawerenga Lachisanu, muli nkhani ya anyamata amene anathawira kuphanga poteteza chikhulupiriro chawo. Pa ndime ya 22 Allah akutiuza kuti anthu adzasiyana pa chiwerengero chawo, ena atatu, ena asanu, ena asanu ndi awiri, galu wawo ali wowonjezera, ndipo akudzudzula kuponya maganizo pa zobisika. Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) akulangizidwa kubwezera kudziwako kwa Mbuye wake ndi kusazama pa mkangano wotero. Chiwerengero sichinatchulidwe motsimikiza chifukwa phindu la nkhaniyo lili pa kulimba mtima kwa anyamatawo ndi chitetezo cha Allah pa iwo. Woŵerengera mitu ya anthu m'phangamo akhoza kutuluka m'surayo osatolamo kanthu.

Ibn Kathir, mlembi wa tafsir amene anamwalira mu 1373, anagawa patatu nkhani zimene zinalowa m'mabuku athu kuchokera kwa anthu a mabuku akale. Zilipo zimene Qur'an ndi Sunnah zikuzivomereza, zilipo zimene zikuzitsutsa, ndipo zilipo zimene sizinanenedwepo kanthu, zomwe sitizivomereza kapena kuzikana. Pa gulu lachitatuli anapereka zitsanzo monga mayina a anyamata a kuphanga ndi mtundu wa galu wawo, n'kunena kuti zambiri zotere zilibe phindu pa chipembedzo cha munthu. Iye sanaletse kufunsa. Anaika chinthu chilichonse pa mlingo wake, kuti chokayikitsa chisakwere pa mpando wa chotsimikizika.

Chimene chimachitika mlingowu ukatayika tinachiona pa 20 Novembala 1979, tsiku loyamba la chaka cha 1400 pa kalendala ya Chisilamu. Gulu la anthu a mfuti lotsogozedwa ndi Juhayman al-Otaybi linalanda Msikiti Wopatulika wa ku Makkah, n'kulengeza kuti mlamu wake, Muhammad Abdullah al-Qahtani, ndiye Mahdi. Anali atatolera zizindikiro zawo: dzina lake ndi la bambo ake zinkafanana ndi zotchulidwa m'Hadith, ena anati anamulota, zaka zana zatsopano zinali zikuyamba, ndipo anamulumbirira pafupi ndi Ka'bah monga anawerengera. Kwa iwo zonse zinagwirizana. Nkhondoyo inatha pafupifupi milungu iwiri, anthu mazanamazana anafa pamalo pamene kukhetsa mwazi n'koletsedwa, al-Qahtani anaphedwa momwemo, ndipo mu Januwale 1980 anthu 63, kuphatikizapo Juhayman, anaphedwa podulidwa mitu. Njira imene anatsata posonkhanitsa zizindikiro siinasiyane kwambiri ndi ya owerenga nthano. Kusiyana kwake n'kwakuti owerenga a Jordan ankadziwa kuti akusewera, ndipo buku lotsatira likawatsutsa ankaseka n'kuyambanso.

Masiku ano mauthenga a mtundu umenewu amafika m'mafoni athu pa WhatsApp ndi Facebook. Nkhondo ikabuka, chivomezi chikachitika kapena mliri ukagwa, sipatenga nthawi kuti wina alumikize Hadith ina ndi nkhani ya pa wailesi, n'kutiuza kuti wakuti ndiye Dajjal, mtundu wakuti ndiwo Ya'juj ndi Ma'juj, ndipo Qiyamah yatsala zaka zakuti. Uthenga wotere umakoma chifukwa womwewo umene chiganizo cha Taim chinakomera: umam'patsa munthu chisangalalo choona chimene anzake sakuona. Koma Jibril atafunsa Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) za nthawi ya Qiyamah, yankho linali lakuti wofunsidwa sakudziwa kuposa wofunsayo. Zizindikiro tinauzidwa kuti tikonzeke ndi ntchito zabwino. Amene akutumiza uthenga wotchula tsiku, tim'funse zimene owerenga nthano aja ankafunsana: ananena ndani, m'buku liti, ndipo maulama odalirika anaimasulira motani?

Pa mabuku enieniwo, kholo liyenera kudziwa zimene zili m'katimo. Jordan anabwereka mayina m'zipembedzo zambiri. Dzina lenileni la Mdima m'nthanoyi ndi Shai'tan, ndipo mkulu wa atumiki ake ndi Ishamael, dzina limene khutu la Msilamu silingalephere kulimva kuti layandikana ndi la Mneneri Ismail (Alaihi salaam). Nthawi m'dziko limenelo imazungulira ngati gudumu, mizimu imabadwanso kambirimbiri, Mlengi ali patali osalowerera, ndipo Mdima ukuoneka ngati mphamvu yopikisana naye. Zonsezi n'zosemphana ndi Tawhid. Kwa ife moyo wa pa dziko ndi umodzi, chiweruzo chili kutsogolo, ndipo Satana ndi cholengedwa chimene mphamvu yake ndi kunong'oneza basi. Mulinso nkhanza za nkhondo ndi maubwenzi osayenera ana aang'ono. Ndi mabuku a munthu wamkulu amene akudziwa kale chikhulupiriro chake.

Wachinyamata amene wayamba kale kuwerenga kapena kuonera nthanoyi, kumulanda foni sikum'phunzitsa kanthu. Makolo athu ankaponyerana zilape madzulo, ndipo mwana ankaphunzira kuganiza mofulumira, kulakwa osachita manyazi, ndi kuvomera yankho likaululidwa. Mungathe kuchita naye chimodzimodzi. M'funseni kuti akuganiza kuti nkhaniyo ithera pati, ndipo umboni wake ndi wotani. M'funseni chimene chingam'chititse kusintha maganizo, pakuti chiganizo chimene palibe umboni ungachigwetse chasanduka kale liuma. Kenako m'funseni kusiyana kwa Shai'tan wa Jordan ndi Satana amene timadzitchinjiriza naye kwa Allah tisanayambe kuwerenga Qur'an. Akayankha bwino mafunso atatuwa, nthanoyo yam'thandiza.

Luso lolumikiza zizindikiro ndi mphatso, ndipo limafunika kwa dokotala, kwa woweruza milandu, ngakhale kwa msodzi woyang'ana mitambo asanakankhe bwato. Chofunika n'kudziwa pamene luso limeneli lathera. Maulama akale ankati akamaliza kufotokoza nkhani yovuta, ataunika umboni wonse ndi kusankha mbali imene aiona yamphamvu, ankatseka ndi mawu akuti Allahu a'lam, kutanthauza kuti Allah ndiye akudziwa bwino. Mawu amenewa tiyenera kuwaphunzitsa ana athu limodzi ndi luso lofunsa mafunso.