Za Malipoti Obvala Malaya a Wamalonda

Munthu wotsika ku Dedza pa mseu wokhotakhota wa m'phiri, akafika pa Golomoti tsiku la msika, makutu ace ayamba kugula iye asanaturutse ndalama. Apa mnyamata wa cinkuzamau alikutama mankhwala ociza nthenda khumi ndi ziwiri. Apo khoma la sitolo lapakidwa utoto wa kampani ya lamya. Uko wogula mbeu wapacika sikelo yace, nalemba mtengo ndi malembo akuruakuru. Zonsezi tizidziwa, ndipo sitizizwa nazo, pakuti wamalonda ndi wamalonda. Koma catidetsa nkhawa ndi ici: mau omwewo a pamsika tawapeza pamalo pamene sitinawayembekeza, ndiwo m'malipoti a Cingerezi amene alembi a m'midzi yathu atumiza kwa akuru. Tawerenga malipoti otere angapo, ndipo tifuna kunena mosabisa cimene taonamo, pokumbukira kuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Masiku ano mudzi wopanda komiti usowa. Iripo ya mjigo, ya sukulu, ya nkhalango, ya banki m'khonde, ndi ya alimi a mpunga ku Bwanje, kumene madzi a Namikokwe anapatutsidwa kuti athirire minda ya mahekitala 800. Komiti iri yonse iri ndi mlembi wace, ndipo kawirikawiri asankha mnyamata kapena mtsikana wofika Fomu 4, cifukwa ndiye adziwa Cingerezi. Pakutha pa mwezi iyeyu alemba lipoti, limene lipita ku Boma ku Dedza, kapena ku bungwe lina ku Lilongwe, ndipo mwina liolokanso nyanja. Tsono taonani kuopsa kwace. Eni mjigo ambiri sawerenga Cingerezi, ndipo owerenga Cingerezicowo sadzafika pa mjigo. Pakati pa anthu awiriwa paima pepala limodzi lokha. Likanama, palibe wakulitsutsa.

Tiyambe taona macenjera a wamalonda, pakuti sacuruka, ndipo ali amodzimodzi pa Golomoti ndi ku London. Coyamba ndico kubwereza dzina m'mawa, masana ndi madzulo, kufikira munthu alowa m'sitolo nalichula osaganiza. Caciwiri ndico kubwereka nkhope ya munthu wochuka, woyimba kapena wampira, monga ngati wodziwa kumenya mpira adziwanso za feteleza. Cacitatu ndico kuuza munthu kuti anzace onse anagula kale, watsala yekha. Cacinai ndico kumfulumiza, kuti mtengo uwu utha Loweruka, angapeze nthawi yakufunsa mkazi wace. Cacisanu ndico cithunzi: mai wosekerera, mwana wonenepa, cimanga cobiriwira cimene sicinaone ng'amba. Cotsiriza, ndipo cocenjera koposa, ndico kulemba cokoma ndi malembo akuru, ndi cowawa ndi timalembo tating'ono pansi. Wamalonda wonama poyera lamulo limgwira, pakuti lamulo loteteza ogula la 2003 liletsa kulengeza malonda monyenga. Koma macenjera ambiri safuna bodza ai. Angosankha coonadi cimodzi ndi kusiya cinzace kuseri. Ndipo wogula ali naco cikopa cace, pakuti adziwa kuti wolankhulayo afuna ndalama.

Wowerenga lipoti alibe cikopa cimeneci. Iye atsegula pepala ndi mtima wakuti alikumva mboni, si wogulitsa ai. Cifukwa cace macenjera omwewo akalowa m'lipoti aononga koposa.

Tiyerekeze kuti bungwe lina lapereka mbuzi 40 kwa mabanja 40, kuti zikaswa ana apite kwa ena. Caka catha. Mbuzi 12 zafa ndi nthenda, 5 zagulitsidwa m'njala ya mwezi wa February, 3 zabedwa. Mlembi atenga colembera. Pamwamba alemba kuti mabanja 40 apindula. Dzina la bungwe alibwereza m'ndime iri yonse. Aikamo mau a mfumu akuthokoza, ndi cithunzi ca mbuzi yonona koposa zonse, ana asukulu ataizungulira. Anena kuti midzi yonse yoyandikana irikupempha zomwezo, namaliza ndi kuti ndalama zina zifike msanga mvula isanagwe. Za mbuzi 20 zosowazo zipezeka pa tsamba lomaliza, m'mzere umodzi wonena kuti panali zobvuta zina. Werengani bwino: macenjera onse asanu ndi limodzi a pamsika alimo, ndipo palibe mau amodzi amene munganene kuti ndi bodza. Koma lipoti lonse lanama. Akuru anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo olangika ndani? Si mlembi ai. Wowerenga wa ku Lilongwe, poona kuti zonse zayenda bwino, satumiza mlangizi wa ziweto, sagula mankhwala, safunsa cifukwa cace mbuzi zigulitsidwa mu February. Caka camawa atumiza mbuzi zina 40 ku mudzi wina, nazonso zikafa imfa yomweyo.

Pali cinyengo cina cimene Cingerezi ca m'maofesi cicikonda, koma ifenso ticidziwa kuyambira ubwana. Mwana akagwetsa mbale sanena kuti "ndaswa mbale". Ati "mbale yasweka," monga ngati inadziponya yokha pansi. Momwemonso m'malipoti tiwerenga kuti ndalama zinaonongeka, simenti inacepa, msonkhano unalephereka. Anaononga ndani? Anacepsa ndani? Ophunzitsa ena auza ana kuti kalembedwe kobisa wocita ndiko ka ulemu, koyenera kalata ya ku Boma. Tibvomera kuti kali ndi malo ace, pamene wocitayo sadziwika, kapena pamene palibe phindu kumchula. Koma mlembi wodziwa amene anasunga ndalama, nalemba kuti zinasowa, wabisala kuseri kwa galamala.

Tionanso kuti alembi athu ambiri ayesa kuti Cingerezi cabwino ndico ca mau atali. Adzaza tsamba ndi mau otupa onena kuti anthu anazindikiritsidwa, anapatsidwa mphamvu, anatengapo mbali. Muyeso wace ngwapafupi. Tembenuzani mzerewo m'Cicewa, nimuuze agogo anu, akafunsa kuti, "Nanga anacita ciani kwenikweni?" ndipo inu musowa poyankha, dziwani kuti munalemba mphepo. Mzere wakuti amai 30 anakumba ngalande ya mamita 200 m'masiku anai uposa tsamba lathunthu la mau otupa, ndipo mwana wa Sitandade 8 akhoza kuulemba m'Cingerezi cosalakwa.

Ciwerengero naco cifuna mnzace. Citsanzo tiri naco pakhomo pomwe. Mu June 2022 anatsegula pa Golomoti malo opangira magetsi a dzuwa, omangidwa ndi JCM Power ya ku Canada pamodzi ndi InfraCo Africa. Mphamvu yace ndi mamegawati 20, ndipo ici ncoona. Wolengeza malonda akhoza kuimira pomwepo, ndi cithunzi ca magalasi onyezimira. Koma wolemba lipoti ayenera kupitirira, nanene kuti mamegawati 20 apezeka dzuwa liri pamutu, ndi kuti usiku magalasi agona. Kuti mabatire ace asunga mphamvu yokwanira kupereka mamegawati 5 kwa maora awiri. Ndi kuti magetsiwo alowa m'mawaya a ESCOM a dziko lonse, kotero kuti nyumba yoyandikana ndi mpanda siunikidwa cifukwa ca kuyandikanako. Kunena izi si kunyoza nchito yabwinoyo ai. Ndiko kumpatsa wowerenga msinkhu wace weniweni wa cinthu, kuti asayembekeze cimene sicinalonjezedwe.

Wina angati, kodi pepala louma lingasinthe kanthu? Mbiri ya dziko lathu iyankha. Makolo athu anawadziwa olemba anthu nchito za ku migodi ya ku Joni ndi ku minda ya ku Rhodesia, a Wenela ndi a Mthandizi. Dzina lokhalo lakuti Mthandizi linali cilengezo ca malonda, ndipo mnyamata wobwera kwao ndi njinga, suti ndi bokosi ndiye anali cithunzi cokopa anzace. Koma mu 1935, caka cimene njanji yopyola pa Golomoti inafika ku Salima, Boma la Nyasaland linaika komiti yotsogozedwa ndi Travers Lacey kuti ifufuze za ulendo wa amuna. Komitiyo inawerenga cimene okopa anthu sanali kuwerenga: kuti anthu ngati 120,000 anali kunja kwa dziko, kuti ambiri sanabwerenso, ndiwo machona, ndi kuti m'midzi munatsala akazi, ana ndi nkhalamba. Mu 1936 maboma a Nyasaland ndi Rhodesia ziwiri anapangana ku Salisbury za kayendedwe ka anthu a nchito. Panganolo silinathetse ucona, koma kuyambira pamenepo palibe wa Boma akanati sadziwa.

Citsanzo cina ndi ca 1959. Pa 3 March Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la nthawi ya cipolowe, ndipo Boma linafalitsa kuti a Congress anapangana kupha Azungu. Woweruza Patrick Devlin ndi anzace atatu anatumidwa kudzafufuza. Anayenda m'dziko, namva mboni za mbali zonse, ndipo lipoti lao linaturuka mu July. Linawerenga Aafrika 51 ophedwa. Linabvomereza kuti Boma linali ndi cifukwa cakucitapo kanthu, ndi kuti ena a Congress analankhuladi za ciwawa. Koma linati ciwembu cimene Boma linafalitsa sicinapezeke, ndi kuti dziko linasanduka lolamulidwa ndi apolisi. Boma la ku London linawawidwa mtima, nilikonza msanga kalata yotsutsa m'dzina la Armitage, kuti ituruke pamodzi ndi lipotilo. Lero olemba mbiri atsamira pa Devlin, ndipo kalata inayo aichula monga citsanzo ca kudzichinjiriza. Mphamvu ya lipoti la Devlin inali yakuti linalemba zokomera ndi zowawira mbali zonse ziwiri, kotero kuti wodana nalo anasowa polibaya. Pa 1 April 1960 Dr Banda anaturuka m'ndende.

Tsono lipoti labwino limangidwa bwanji? Liyamba ndi kunena wolemba, wolembedwera, tsiku, ndi funso limene liyankha. Litsata ndi kunena umo wolembayo anadziwira zinthu: ngati anaona ndi maso, ngati anawerenga m'buku la ndalama, ngati anangomva kwa ena. Pamenepo zibwera zopezeka, zabwino ndi zoipa m'malembo a msinkhu umodzi, ciwerengero ciri conse ciri ndi mnzace: zoperekedwa zingati, zotsala zingati. Maganizo a mlembi akhala paokha, pambuyo pace, kuti wowerenga asiyanitse cimene cinacitika ndi cimene mlembi ayesa. Pomaliza pakhala zoyenera kucitika, ndi dzina la woyenera kuzicita, ndi tsiku lace. Ndipo pansi mlembi asaina, ndiko kunena kuti, mukandifunsa caka camawa, ndidzanena zomwezi.

Tidziwa cimene alembi adzatiyankha, pakuti ena atiuza kale. Ati, "Tikalemba kuti mbuzi zinafa, otithandiza adzapita ku mudzi wina wodziwa kulemba zokoma, ndipo anthu athu adzatida." Mau awa sitiwapeputsa, ndipo mlandu suli pa mlembi yekha. Wolandira malipoti amene afupa zokoma ndi kulanga zoona ndiye mphunzitsi wamkuru wa bodza. Iye wapempha cilengezo ca malonda, ndipo walandira comweco. Kwa otere tinena kuti lipoti lopanda bvuto ngakhale limodzi liyenera kuwaopsa koposa lodzala mabvuto, pakuti palibe munda wopanda udzu. Koma kwa alembi tinenanso kuti cobisika sicikhalitsa. Tsiku lina galimoto idzaima pa mjigo wolembedwa kuti uli bwino, ndipo mlendo adzapeza amai alikutunga m'dambo. Pamenepo sadzakhulupiriranso lipoti liri lonse la mudzi umenewo, ngakhale lonena za njala yeniyeni.

Cifukwa cace tipempha cinthu cimodzi, cosafuna ndalama. Lipoti liri lonse lisanakwere mseu wa ku Dedza, mlembi aliwerenge m'Cicewa pabwalo, pamaso pa mfumu ndi pa eni nkhani, mzere ndi mzere. Mai amene mbuzi yace inafa adzamva ngati imfayo yalembedwa. Wosunga ndalama adzamva ngati dzina lace lachulidwa. Mau otupa adzaphwa okha, pakuti pabwalo munthu sanena kuti anthu anapatsidwa mphamvu popanda wina kufunsa kuti mphamvu yanji. Ndipo aphunzitsi a Cingerezi m'sukulu zathu, pophunzitsa kalembedwe ka lipoti, atenge cilengezo ca malonda ca pa khoma la sitolo, naciike pambali pa lipoti, kuti ana aone ndi maso kusiyana kwace. Mwana wodziwa kuchula macenjera a wamalonda sanyengeka nao pamsika, ndipo acita manyazi kuwalemba m'buku la komiti.

Wamalonda apitirize kutama katundu wace tsiku la msika. Ndiyo nchito yace, ndipo ife tidzapita ndi ndalama zathu titazimanga bwino pansalu. Koma inu alembi, anthu anakupatsani colembera cifukwa muli ndi ciyankhulo cimene iwo alibe. Lembani mbuzi zakufa pamodzi ndi zamoyo, kuti mankhwala afike ku khola.