Zilembo ziwiri m'kati mwa papaya

Pamsika wa Tsangano Turn-off, m'mbali mwa msewu wa M1, tomato ndi karoti amagulitsidwa moyandikana, wina wofiira psuu, wina wa mtundu wa lalanje. Mitundu iwiriyi ndi yapachibale. Kufiira kwa tomato kumachokera ku lycopene. Puloteni ina ikagwira lycopene n'kupinda nsonga zake zonse ziwiri, pamatuluka beta-carotene, yemwe amapatsa karoti mtundu wake ndipo thupi limamusandutsa vitamini A. Lycopene payekha sasanduka vitamini A.

Papaya sakonda kuzizira kwa ku Tsangano, amafuna kotentha, koma ndi iye amene anaonetsa luso lomwe ndimalisirira. N'chifukwa chiyani wina ukamudula amakhala wofiira m'kati, wina wachikasu?

Mu 2008 akatswiri otsogozedwa ndi Ray Ming anafalitsa ndondomeko ya DNA ya papaya wa ku Hawaii wotchedwa SunUp. DNA ya papaya ili ndi zilembo pafupifupi 372 miliyoni, ndipo zonsezo ndi A, C, G ndi T basi. Munthu sangaziwerenge ndi maso, pamafunika kompyuta. Pofuna kudziwa chomwe chimasiyanitsa papaya wofiira ndi wachikasu, katswiri wina, Andrea Blas, ndi anzake sanafufuze mwachimbulimbuli. Jini yopanga puloteni ija inali itadziwika kale mu tomato, choncho anafunafuna m'bale wake mu papaya. Atamupeza, anandanda zilembo za papaya wachikasu pamwamba, za wofiira pansi, n'kumaziyerekeza chimodzichimodzi monga mayi asankhira nyemba palichero.

Mu 2010 analengeza kuti wofiira ali ndi zilembo ziwiri zowonjezera. Selo limawerenga zilembozi zitatuzitatu, ndiye ziwiri zikalowerera pakati, zonse zotsatira zimasokonekera, puloteni imadukira panjira, lycopene n'kumangounjikana m'chipatso. Chaka chomwecho gulu lina ku Australia linapeza zomwezo, ma T awiri, ndipo silinangokhulupirira kompyuta: linaika jiniyo m'mabakiteriya kuti lione ngati ikugwiradi ntchito. Pamenepo mpamene ndimawavulira chipewa, poti kompyuta imangoloza pofufuza, umboni umachokera m'labotale.

Kwa obereketsa mbewu, phindu lake ndi lakuti angadziwe mtundu wa chipatso mbande idakali m'chubu. Nkhani ya beta-carotene si yachilendo kwathu kuno: mbatata za mtundu wa lalanje m'kati monga Kadyaubwerere, Kaphulira ndi Chipika zinavomerezedwa m'Malawi mu 2011 kuti zithandize kuthana ndi kuperewera kwa vitamini A.