Khonsolo iyambire pa malo ndi madzi

Inu a m'mbali mwa nyanja, amene mwaona gombe la makolo anu likutchingidwa ndi mipanda ya malo ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima, simuvutika kumvetsa zomwe zikuchitika kuno kwa Mfumu Yaikulu Khwethemule, m'boma la Thyolo. Kuno mpanda wake ndi wobiriwira, chifukwa ndi tiyi. Esiteti ya Satemwa inayamba mu 1923, ndipo maesiteti ena monga Conforzi ndi Naming'omba akhala pa nthaka yachonde kwa mibadwo. Pa kalembera wa 2018 boma lino linapezeka ndi anthu oposa 720,000. Anthuwo akuchuluka chaka ndi chaka, pomwe malo a mudzi ndi omwe aja a agogo athu.

Misika ya m'mbali mwa msewu ikusanduka timatauni. Nyumba zalendi zikumera paliponse, anyamata a kabaza adzaza pa siteji, ndipo mashopu akuyang'anizana kopanda njira yodutsa ngolo pakati. Luchenza ili kale ndi khonsolo yakeyake, koma malo ang'onoang'ono omwe akutsata mapazi ake akukula opanda wowayezera.

Pamene ndikudandaula ine ndi pa ndondomeko ya zoyamba ndi zotsiriza. Chomwe chimaoneka msanga pa msika uliwonse ndi wodulitsa chiphaso, amene safuna kukumbutsidwa ntchito. Chimbudzi, mjigo ndi dzala la zinyalala zimabwera mochedwa, ngati zibwera n'komwe. Atsogoleri amakonda chitukuko chodulira riboni, shedi kapena mlatho woti aimikepo chikwangwani cha dzina lawo, ndipo thumba la chitukuko cha m'dera la aphungu lazoloweretsa anthu kuyesa ntchito ndi maso okha. Kusunga malo a manda, a sukulu ndi a chitsime sikuwomberedwa m'manja, choncho kumasiyidwa. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo ambiri a iwo akanapulumuka ndi madzi aukhondo ndi chimbudzi.

Sindikuiwala kuti makhonsolo anapunduka. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linalonjeza mphamvu ku anthu, koma makhansala osankhidwa mu 2000 atamaliza nthawi yawo mu 2005, dziko linakhala opanda makhansala mpaka 2014. M'zaka zimenezo ziwembu zambiri zinagulitsidwa popanda mapu. Komatu zaka zadutsapo zokwanira kuti chifukwa chimenechi chisamatchulidwenso.

Ife Asilamu nkhaniyi imatikhudza pawiri. Swala imafuna twahara, ndipo twahara imafuna madzi. Janaza nayo sitiigoneka masiku, timafulumira kuika, ndiye manda akadzaza vuto limafika tsiku lomwelo. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, atasamukira ku Madina, madzi abwino anali ogula. Uthman bin Affan anagula chitsime cha Ruma n'kuchipereka wakifu kuti aliyense azitunga ulele. Mzinda woyamba wa Chisilamu unasamala za madzi a osauka usanaganize za nyumba zokongola.

Mu 2016 anthu otsogozedwa ndi Vincent Wandale analowa m'munda wa Conforzi kufuna kugawana malo, ndipo zinathera kupolisi ndi kukhothi. Njira imeneyo sindiivomereza, koma njala ya malo yomwe inawatuma ikadalipo. Khonsolo ya Thyolo, mafumu ndi eni maesiteti akhale pansi, aone zigawo zomwe sizikulimidwa, ndipo alembe poyera malo osungira manda, msika ndi mijigo anthu asanamangepo. Makomiti a mizikiti nawonso asamangosonkhetsa za malata ndi zokuzira mawu. Atumize munthu ku misonkhano ya komiti ya chitukuko ya kwa mfumu yaikulu, kumene mndandanda wa zofuna za dera umalembedwa usanapite ku khonsolo.