Gombe Lizilowa M'dongo Momwemo

Oumba ambiri akakopeka ndi nyanja amathamangira utoto. Amaumba mbale, n'kujambulapo bwato, nsomba ndi dzuwa likulowa. Mbale zotere alendo amagula ndithu, koma chithunzicho chikanakhala bwinobwino ngakhale papepala. Dongo lilibe gawo pa ntchitoyo. Luso lenileni la woumba limaoneka pamene gombe lalowa m'thupi la chinthu chimene waumba.

Adam Buick, woumba wa ku Pembrokeshire, m'mphepete mwa nyanja kumadzulo kwa Wales, ndi chitsanzo chabwino. Iye anasankha mtundu umodzi wokha wa mtsuko, wobulungira ngati mwezi, umene unatchuka ku Korea m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700. Oumba a ku Korea ankapanga mabakuli awiri n'kuwalumikiza pamimba, ndipo n'chifukwa chake mtsukowo sukhala wobulungira ndendende. Bernard Leach, amene anatsegula malo oumbira ku St Ives mu 1920 limodzi ndi Shoji Hamada, anagula umodzi ku Seoul mu 1935, ndipo lero uli ku British Museum.

Buick sasintha kaumbidwe ka mtsukowo. Chimene chimasintha ndi zimene watola: dongo lokumba yekha, timiyala ta pagombe, ndere za m'nyanja. Zotsala amazisiyira moto. Ng'anjo ikatentha kufika madigiri pafupifupi 1,300, ndere zimapsa n'kutha, koma mchere ndi phulusa lake zimalowerera pakhungu la mtsuko n'kusiya mizere yofiirira pamene zinagona. Kamwala kokhala ndi chitsulo kamasungunuka n'kuyenderera kutsika, kusiya kanjira kakuda pa mtsuko woyera. Ukayendetsa chala umamva pamene mwala waphulika ndi pamene dongo lasalala. Palibe funde lojambulidwa, koma munthu wodziwa gombe amalizindikira.

Njira imeneyi ili ndi msampha wake. Kungothira mchenga m'dongo si luso. Chigoba cha nkhono chikapsa chimasanduka laimu, ndipo kachidutswa kake kakatsalira mkati mwa khoma la mtsuko kamakoka chinyezi, kamafufuma, mpaka kuthethetsa chinthu chimene chinatuluka m'moto chili bwino. Mwala nawo sufota limodzi ndi dongo likamauma, choncho umang'amba malo ouzungulira. Woumba ayenera kudziwa ming'alu yokongoletsa ndi ming'alu yowononga. Komanso milomo ya mtsuko ikakhala yolemera, kapena tsinde lake likakhala losakhazikika, nkhani ya kumene kunachokera mchenga singaupulumutse. Chimene chimalimbitsa ntchito ya Buick n'chakuti mtsuko wake umayamba waima bwino, kenako gombe n'kulankhula.

Nzeru imeneyi si yachilendo m'mbali mwa Nyanja ya Malawi. Amayi a mtundu wa Akisi, ku gombe la ku Tanzania cha ku Ikombe, akhala akuumba miphika kwa mibadwo yambiri, ndipo imanyamulidwa pa mabwato kukagulitsidwa ku Matema. Agogo athunso ankakulungiza mbiya ndi mwala wosalala, n'kulola utsi wa nkhuni usiye mawanga ake.

Inu oumba a ku Nkhotakota, Salima ndi Mangochi, mchenga, nsangalabwi ndi phulusa la bango zili pakhomo panu. Ziyeseni pa timapale tating'ono, lembani zimene moto wachita nazo, ndipo nyanja ioneke m'dongo lanu musanagwire burashi.