Phunziro la mkungudza limayambira m'manja

Mphunzitsi wodziwa ntchito yake akapita ndi ana ku nazale ya mkungudza m'munsi mwa phiri la Mulanje, dzina la sayansi la mtengowu lakuti Widdringtonia whytei amayamba walisunga. Amatulutsa kachidutswa ka thabwa lakale n'kunena kuti, "Tanunkhizani, mupatsirane." Fungo lake lokoma likafika kwa mwana womaliza, m'pamene amawauza kuti thabwali chiswe sichilidya ndipo siliwola msanga. Ana amadzitulukira okha chimene chinakwezera anthu a macheka m'phirimo.

Kenaka amaika pa chikhato cha aliyense kachipatso kouma, kolimba gwa, kong'ambika panayi, kuti agwedeze mpaka tinjere ta timapiko titagwa. Luso lenileni la mphunzitsiyu lili pa kugwira mtima ana akamafesa njerezo m'machubu. Mwana akakwirira njere mozama kapena akakhuthulira madzi m'chubu, iye salanda ntchitoyo. Amangofunsa: "Inuyo mukanakhala kanjere aka, mukanatuluka bwanji mmenemo?" Mwanayo amafukula yekha.

Chimene chimandigometsa kwambiri ndi phunziro la masamba. Mbande ya mkungudza imakhala ndi timasamba tosongoka ngati singano, pamene mtengo waukulu masamba ake ndi timamba tokakamira ku nthambi. Wosadziwa angalumbire kuti ndi mitengo iwiri yosiyana. Choncho amaimika mbandeyo pambali pa ya paini, mtengo wobwera uja wotchedwa Pinus patula umene unafalikira m'phirimo n'kulanda malo, ndipo ana amayang'anitsitsa, kukangana, mpaka atasiyanitsa. Mwana wotere tsiku lozula paini sadzazula mkungudza.

Manambala amabwera kumapeto, ndipo ndi ochepa. Mtengowu, umene unasankhidwa kukhala wa fuko mu 1984, mwachilengedwe umamera pa Mulanje pokha, m'mwamba mozizira kuyambira mamita pafupifupi 1,800. Kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Ana amakhala chete, koma iye sawasiya m'chisonimo. Amawalozera machubu amene adzaza okha, n'kufotokoza kuti bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira abzala kale mbande zambirimbiri kumtunda, ndi kuti kubzalako ndiye kosavuta. Mkungudza sukula pa mthunzi wa mitengo ina, umafuna poyera, ndipo poyerapo ndi pamene moto wa m'chilimwe umadutsa. N'chifukwa chake asanabalalike amawagwiritsa khasu, aphunzire kulambula njira yotchinga moto.